Zaka 50 za Anti Nabanda ku mpikisano wa agalu

Wa ku Joni: Abale, ndadzuka foni itadzaza zithunzi. Keke ndaiona, Anti Nabanda ndawaona atatchena chilundu chawo, koma pambali pawo paima galu wowonda ngati wagona ndi njala mwezi wathunthu, atavala kamalaya kofiira. Wina andimasulire. Zaka 50 mwakakondwerera kwa a vetenale?

Make Tada: Kkkkk alamu musayambe. Tinali ku mpikisano wa agalu ku Owlerton, konkuno ku Sheffield, mu Penistone Road, chakufupi ndi bwalo la Sheffield Wednesday. Tinagwirizana kuti chaka chino za holo ayi. Holo, mpunga, nkhuku, DJ, pomaliza anthu atatu omweomwewo kutsala tikukwecha mapoto mpaka 2 koloko usiku. Zinatikwana.

Wa ku Joni: Ndiye amapikisana chiyani agaluwo? Kuuwa?

Mphwanga wa pa Yuni: Liwiro, achimwene. Ndi agalu a mtundu wa greyhound, kuwondako n'chibadwa, si njala. Pa mpikisano uliwonse amathamanga asanu ndi mmodzi. Aliyense amamulowetsa m'kabokosi kake, mabokosiwo ali pa mzere umodzi. Kenako mumangomva waya akulira, kalulu wa chidole akubwera pa kanjanji m'mphepete mwa bwalo, akangodutsa mabokosi aja zitseko zonse tsegu! nthawi imodzi. Mamita 500 amawamaliza m'masekondi ngati 30, ndiye kuti pena akudutsa makilomita 60 pa ola. Ine mpikisano woyamba sindinauone n'komwe. Ndimasakasaka kamera pa foni, podzutsa mutu anthu akuwomba kale m'manja.

Anti Nabanda: Ana anga, ndisanalowe za agalu ndithokoze kaye. Make Tada ndi abambo akunyumba, Ankolo amene munanyamuka ku Manchester mutangoweruka, a Nesi amene munasinthanitsa shifiti chifukwa cha ine, ndi nonse amene munasonkha muli kutali, Mulungu abwezere pamene mwachotsa. Koma munandinamiza. Munati tikupita ku lesitilanti.

Make Tada: Nanga simunadye Anti? Lesitilanti inalipo, ya magalasi, mukudya uku mukuona bwalo lonse pansi.

Anti Nabanda: Ndinadya chifukwa kambuzi wanga ndinayenda naye m'chikwama. Zaka zonsezi ndakhala kuno ndisadziwe mmene amaphikira? Koma chimene chinandithetsa mawu ndi kabuku kamene amapereka polowa kaja. Ndikutsegula, ndikuona mpikisano wa nambala 6 walembedwa dzina langa ndi zaka zanga. Zaka zanga abale, pa pepala, bwalo lonse kuwerenga! Ine ku ntchito ndakhala ndili ndi zaka 43 kuyambira kalekale.

Wa ku Dublin: Kkkkkk Anti mwagwidwa.

Make Tada: Mabwalo ambiri amachita zimenezi. Mumalipira, amautcha mpikisano umodzi dzina la munthu wanu, ukatha amamutsitsira pansi kukapereka chikho kwa wosamalira galu amene wawina, n'kujambulitsa. Chithunzi chimene chikukuvutani alamu n'chimenecho.

Achimwene a ku Lilongwe: Ndiye galu ameneyo ndi katswiri wa tsikulo? Nanga kamalaya kofiirako, ndi wa Maule?

Bambo a Tada: Achimwene mwakhudza pachilonda. Mitundu ya timalaya sisintha, imayendera nambala ya bokosi. Nambala 1 wofiira, 2 buluu, 3 woyera, 4 wakuda, 5 olenji, 6 wamizeremizere yoyera ndi yakuda. Tebulo lathu linangogawikana lokha, a Bullets ku nambala 1, ife a Noma ku nambala 2. Ine ndinakakamira buluu usiku wonse. Sindinena zambiri.

Make Tada: Nenani. Buluu wanuyo anawina kamodzi, nthawi imene munali kuchimbudzi musanabetche.

Achimwene a ku Lilongwe: Noma ndi Noma basi, kulikonse ikapezeke kkkk.

Anti Nabanda: Ine mtsikana wolemba matikiti atafika pa tebulo kudzafunsa, ndinangoti wofiira, chifukwa malemu bambo anga akanandikana ndikanatchula buluu. Galu uja anatuluka ngati muvi, pa kona yoyamba ali kale kutsogolo, anzake akugundana m'mbuyo. Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Akuti ndinaimba nthungululu.

Nesi wa Usiku: Si akuti Anti. Munaimba ndithu, operekera zakudya anaima ndi mbale m'manja. Tebulo la anyamata aja amene amatsanzikana ndi mnzawo wokwatira linayamba kuyeserera, koma zimangotuluka ngati ambulansi. Ndi omwewo amene anadzatithandiza kuimba keke itabwera, mpaka anakugulirani chakumwa chimene munandipatsa ine.

Anti Nabanda: Ana aulemu ndithu, ngakhale mmodzi anavala diresi.

Akulu a Mpingo: Ndangotuluka kumene m'tchalitchi ndipo ndawerenga zonse. Mayi Nabanda, mafuno abwino, zaka 50 ndi chisomo chachikulu. Koma ndikangoseka nanu n'kudutsa ndikhala wachinyengo. Ine sindinabwere osati chifukwa cha mtunda wa ku Leeds ayi. Malo amenewo anamangidwa chifukwa cha juga. Agaluwo ndi chokometsera chabe. Ndipo chithunzi chija chili kale pa Facebook, amayi anzanu a Mvano kumudzi achiona. Achinyamata athu akadzatifunsa kuti kubetcha n'kololedwa, tidzawayankha chiyani?

Anti Nabanda: Abambo, ndamva, ndipo sindikwiya. Inali £2, nayonso ndinapatsidwa ndi Make Tada. Ndinalandira £9.20. Ine ndinapitira chikondi cha anawa.

Akulu a Mpingo: Onse amene nyumba zawo zinapita anayambira pa £2, mayi.

Ankolo a ku Manchester: Abambo, mundilole ndilankhulepo, chifukwa maganizo opita kumeneko anachokera kwa ine, musawadzudzule Make Tada. Nditangofika m'dziko lino ndinkakhala ku Gorton, ndipo bwalo la Belle Vue linali poyenda pansi. Pamenepo ndi pamene masewerawa anayambira ku Britain kuno, pa 24 July 1926, pamaso pa anthu ngati 1,700, ndipo galu woyamba kuwina dzina lake anali Mistley. Nzeru ya kalulu woyendera makina inachokera ku America, kwa mkulu wina Owen Patrick Smith. Amene anandilowetsa koyamba ndi madalaivala anzanga a mabasi. Munthu wakuda, chizungu cha ku Manchester sukuchimva bwino, kunyumba kwawo sakuitana, koma ku agalu ankanditenga. Masewera a akavalo anali a mabwana, amachitika masana komanso kutali. Agalu anali a anthu a m'mafakitale: madzulo, m'tauni momwemo, pansi pa magetsi, munthu waweruka ndi kanganyase kake. Ndiye ndikamamva kuti agalu ndi chokometsera chabe, mtima umakana pang'ono. Anthu aja ankabwera ndi akazi awo, ana awo, azigogo awo. Ena ankabetcha ndalama yosagula ndi buledi yemwe, kungoti pakhale chokuwira.

Wa ku Dublin: Ankolo ayamba kalasi. Tengani makope.

Ankolo a ku Manchester: Lembani ndithu. Inu okonda mpira, mu World Cup ya 1966 masewera a Uruguay ndi France anakaseweredwa ku White City, bwalo lina la mu London, osati ku Wembley, chifukwa eni Wembley anakana kuimitsa mpikisano wa agalu wa tsikulo. World Cup kupatukira agalu! Ndi mmene zinalili zazikulu. Zinayamba kulowa pansi mashopu obetchera ataloledwa mu 1961, poti munthu sankafunikanso kupita ku bwalo kuti abetche. Kenako malo a m'tauni anakwera mtengo, eni ake n'kuona kuti kumanga nyumba kuli ndi phindu kuposa agalu. Bwalo la agalu la Walthamstow linatsekedwa mu 2008, la Wimbledon mu 2017, Belle Vue yanga mu 2020. Mabwalo ovomerezeka otsala sapitirira 20. Ndinafuna muone zisanatheretu.

Akulu a Mpingo: Ankolo, mwandithandiza kulalikira. Mwanena nokha kuti anthu atapeza kobetchera kwina anawasiya agaluwo. Ndiye ankabwerera chiyani?

Ankolo a ku Manchester: Apo mwandigwira mwendo abambo, sindikana. Ndiwonjezere ndekha: masiku ano mipikisano yambiri imachitika m'mawa ndi masana pakati pa sabata, mipando ili yopanda anthu, agalu akuthamangira makamera kuti a m'mashopu ndi a pa intaneti apeze chobetchera. Zimenezo ine sizindisangalatsa. Koma za Loweruka madzulo, banja lili pa tebulo, ndi nkhani ina.

Mphwanga wa pa Yuni: Ine ndifotokoze za ndalamazo, poti ndalipira sukulu fizi yake dzulo. Njira zilipo ziwiri. Pali anthu oima pansi paja ndi zikwangwani zawo, iwo amakuuziratu mtengo. Akalemba 3/1 ndiye kuti ukaika £2 galu n'kuwina, ulandira £6, ndipo £2 yako ija akubwezeranso. Ndiye pali tote, imene Anti anagwiritsa ntchito. Kumeneko ndalama za anthu onse zimalowa m'thumba limodzi, eni ake amachotsapo gawo lawo, zotsalazo n'kugawana amene alondola. N'chifukwa chake sudziwa chimene ulandire mpaka mpikisano utatha. Mukaganiza bwino, zimene zimatuluka m'thumbamo nthawi zonse n'zochepa kuposa zimene zinalowa. £9.20 ya Anti ija inali yanga, ya Bambo a Tada ndi ya anyamata a diresi aja.

Akulu a Mpingo: Mwana uyu mumupatse guwa sabata ya mawa.

Bambo a Tada: Akulankhula chonchi chifukwa wadyedwa. Dzulo anali pulofesa, cholembera kukhutu.

Mphwanga wa pa Yuni: Ndinawerenga ndithu alamu, ndipo kabuku kaja si kabodza. Kamakuuza kulemera kwa galu, nthawi zimene wapanga m'mipikisano yapitayi, gulu lake kuyambira A1 amene ndi akatswiri kumatsika, komanso ngati amakonda kuthamangira mkati, pakati kapena kunja. Palinso nthawi imene amatenga kuchoka m'bokosi kufika pa mzere koyamba, ndipo imeneyo ndiye yofunika zedi, chifukwa bwalo ndi la mchenga ndipo akulu ananena kale kuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amene wafika pa kona yoyamba ali yekha kutsogolo kawirikawiri samugwiranso. Vuto langa linali dyera. M'malo mosankha galu mmodzi ndimapanga forecast, kutchula woyamba ndi wachiwiri mwa ndondomeko yake. Kenako ndinakwera mpaka kutchula atatu. Kangapo konse agalu anga anabwera, koma mosinthana malo.

Make Tada: Pamene Anti anangoyang'ana mtundu wa malaya.

Nesi wa Usiku: Ndipo mayi wina pa tebulo loyandikana nafe amasankha galu amene wachita chimbudzi pozungulira bwalo asanayambe, akuti wapepukidwa. Anawina kuposa pulofesa wathu.

Achimwene a ku Lilongwe: Taseka, koma Akulu a Mpingo asaoneke ngati okalamba. Inu muli kunja simukuona mmene zafikira kuno. Pa trading centre iliyonse pali kashopu kobetchera, ndipo amene alibe kashopu ali nazo pa foni. Wakabaza akapeza ya tsikulo amayamba wadutsa kumeneko. Ana a sukulu akudziwa matimu a ku Turkey ndi ku Belgium kuposa masamu. Ndikudziwa nyumba zimene ndalama ya feteleza inathera momwemo. Ndiye mwana wanga akaona azakhali ake a ku UK atanyamula tikiti akumwetulira, mukuganiza aphunzirapo chiyani? Chithunzi cha galu chisiyeni, koma cha tikiti chija ndikupempha chichotsedwe.

Make Tada: Chimenecho ndamva achimwene, ndachichotsa pompano. Koma mudziwe kuti tinapangana tisananyamuke: aliyense £10 ya m'manja mu envelopu, makhadi osatulutsa, ikatha yatha. Tada sanakhudze tikiti, kuno wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha.

Bambo a Tada: Lamulo linali labwino.

Make Tada: Linali labwino mpaka munabwereka ya a Nesi.

Nesi wa Usiku: Yanga sindinaigwiritse n'komwe, ndipo si chifukwa cha tchalitchi. Ine chimene chinandivuta ndi kona yoyamba imene Mphwanga akuitamayo. Agalu asanu ndi mmodzi, aliyense makilogalamu ngati 30, miyendo yopyapyala ija, onse akulimbirana malo amodzi pa liwiro limenelo. Dzulo palibe amene anavulala, tithokoze, koma nthawi iliyonse akafika pamenepo ndimatseka maso. Ziwerengero zake si zachinsinsi, bungwe loyendetsa masewerawa la GBGB limatulutsa lokha chaka ndi chaka. Mu 2023 kuvulala kunaposa 4,000, ndipo agalu oposa 100 anafera pa mabwalo. N'chifukwa chake mabungwe osamalira nyama a RSPCA, Dogs Trust ndi Blue Cross anagwirizana mu 2022 kuti masewerawa athe. Phwando linakoma Anti, ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma ine sindidzabwererako.

Ankolo a ku Manchester: A Nesi, ziwerengerozo n'zoona, koma muzinenanso kuti zachokera pa maulendo othamanga oposa 300,000 m'chakacho. Pa bwalo lililonse lovomerezeka pamakhala dokotala wa ziweto, amamuyeza galu aliyense asanathamange, ndipo amawapimanso ngati apatsidwa mankhwala. Munawaona atsikana owayendetsa aja mmene amawasisitira akamaliza? Si anthu olemera amene aja. Amadzuka m'bandakucha tsiku lililonse chifukwa cha agaluwo.

Nesi wa Usiku: Sindikuti ndi anthu oipa Ankolo. Ndikuti ngakhale onse atakhala angelo, kona ija ikhalapobe.

Wa ku Dublin: Ndilowepo, chifukwa agalu ambiri amene munawaonawo anabadwira kuno ku Ireland. Kuno ndi ulimi ndithu, boma limaikamo ndalama chaka chilichonse, ndipo ku bwalo la agalu la Shelbourne Park, muno mu Dublin, anthu a m'maofesi amachitirako maphwando a Khirisimasi. Koma mu 2019 wailesi ya kanema ya RTÉ inaulutsa kafukufuku wonena kuti agalu pafupifupi 6,000 ankaphedwa pa chaka chifukwa chochepa liwiro. Makampani ena anasiya kuthandiza masewerawa nthawi yomweyo. Ndiye funso la a Nesi limayambira kutali, pa ana agalu amene sanafike n'komwe pa bwalo. Inu munaona okhawo amene anakhoza mayeso.

Wa ku Dublin: Koma Akulu a Mpingo ndili nanu ndi kankhani. Galu wotchuka kuposa onse m'mbiri ya masewerawa, Mick the Miller, amene anawina English Greyhound Derby mu 1929 ndi 1930, anabadwira pa nyumba ya wansembe kuno ku County Offaly, Bambo Martin Brophy. Thupi lake analikonza, mpaka lero lili mu myuziyamu ku Tring, ku England.

Akulu a Mpingo: Thupi la wansembeyo?

Wa ku Dublin: La galu abambo! Kkkkkk

Akulu a Mpingo: Chabwino. Ameneyo sanali wa mpingo wathu, akayankha yekha.

Wa ku Joni: Kuno ku South Africa mpikisano wa agalu ndi woletsedwa ndi lamulo, ngakhale wa akavalo uli ponseponse. Anthu amachitabe mobisa kumatchire, ndipo kumeneko kulibe dokotala kapena kabuku.

Nesi wa Usiku: Si kwanu kokha alamu. Ku Florida anthu anavota mu 2018 kuti zithe, ndipo ndi kumene kunali mabwalo ambiri a ku America. New Zealand inalengeza mu December 2024 kuti iletsa masewerawa. Wales, pafupi pompa, inalengeza zomwezo mu February 2025, iwo bwalo lawo linali limodzi lokha, ku Ystrad Mynach.

Achimwene a ku Lilongwe: Ine pa nkhani ya agaluyi ndiye ndasokonezeka. Ndinakulira ku Dedza, ndipo nthawi ya chilimwe akulu akaliza lipenga la uzimba agalu a m'mudzi monse ankadzuka okha. Galu wosaka sumuphunzitsa kuthamangitsa kalulu, zili m'magazi. Koma kalulu weniweni sayenda pa njanji, amakhota pamene galu sakuyembekezera, galu n'kupitirira fumbi lili koboo. Ndipo galu akagwira ankadziwa kuti matumbo ndi ake. Awo anuwo akathamanga chonchija amapeza chiyani? Chidole? Komabe tisanamizane. Agalu athu ankagona panja, nkhupakupa thupi lonse, kudya mkute ukakhalapo, katemera wa chiwewe mpaka a boma abwere. Amene ndamuona pa chithunziyo ubweya ukuwala kuposa nsapato zanga. Ndiye ndikamva kuti akuzunzidwa ndimasowa poima.

Nesi wa Usiku: Achimwene, kudya bwino amadya, chifukwa ndi chuma cha munthu. Funso ndi tsiku limene wasiya kubweretsa ndalama. Amayamba kuthamanga atakwana miyezi 15, pofika zaka zinayi kapena zisanu ntchito yatha, koma galuyo atha kukhala ndi moyo zaka 12 kapena kuposa. Zaka zotsalazo akakhala kwa yani?

Ankolo a ku Manchester: Pamenepo zinthu zinasinthako. Galu aliyense ali ndi chizindikiro m'khutu komanso ka microchip, sangangosowa ngati kale. Kuyambira 2020 mwini galu amaikiratu ndalama pomulembetsa, GBGB n'kuwonjezera ina yofanana, poyamba zonse pamodzi zinali £400, ndipo imapita ku malo amene adzamusunge akapuma. Palinso a Greyhound Trust amene ntchito yawo ndi kuwapezera mabanja.

Nesi wa Usiku: £400 kuno imasunga galu miyezi ingati Ankolo? Malo osungirawo ndi odzaza. Mnzanga wa ku wodi anatenga mmodzi. Chodabwitsa n'chakuti ndi waulesi wosaneneka, amagona pafupifupi tsiku lonse miyendo m'mwamba, kuyenda pang'ono m'mawa ndi madzulo kwamukwanira. Atangobwera sankadziwa kukwera masitepe, magalasi a chitseko ankawagunda, chifukwa moyo wake wonse anakhala m'khola. Koma akaona mphaka kapena gologolo, gwiritsitsani chingwe.

Make Tada: A Nesi chonde musapitirize, Tada akuwerenga pa phewa langa. Kuyambira dzulo nyimbo ndi imodzi, akufuna greyhound. Pa khomo paja panali anthu ndi agalu awiri opuma ndi ndowa yosonkhera, mwana anakakamira pamenepo osafuna kulowa.

Bambo a Tada: Muuzeni kuti landilodi salola. Ndipo ngakhale atalola, ine galu pa sofa ayi. Mayi anga akadzaimba vidiyo n'kuona galu wafunda bulangete, adzati UK yandipengetsa.

Wa ku Joni: Alamu, chaka chamawa tidzakuonani mukumuveka jekete nthawi yozizira, kathumba ka zonyansa zake kali m'manja.

Bambo a Tada: Mulungu asalole.

Anti Nabanda: Inetu galu uja ndinamugwira. Poyamba ndimaopa, inu mukudziwa kuti ine ndi agalu sitimwerana madzi chilumireni uja ndili mwana. Anali atamuchotsa chotchinga kukamwa chija, akupuma mwawefuwefu, mtima ukugunda moti ndimaumva m'dzanja langa. Kenako anangotsamira pa mwendo wanga ngati tinadziwana kale, mchenga wonse pa chilundu. Ndiye zimene akunena a Nesi zandilowa. Sindinaganizeko kuti kanyama kaja kali ndi mawa lake.

Akulu a Mpingo: Mayi, pamenepo tagwirizana. Wolungama amasamalira moyo wa chiweto chake, Miyambo 12 ndime 10.

Anti Nabanda: Ndiye abambo mundithandize. £9.20 ija ikadali m'chikwama. Chakhumi chake mulandira?

Wa ku Dublin: Kkkkkkk funso la mayeso!

Akulu a Mpingo: Limenelo ndilipititsa kwa abusa. Ine udindo wanga wathera pompa.

Nesi wa Usiku: Anti, ipatseni ine ndikaponye mu ndowa ya agalu opuma aja. Ibwerere kwa amene anaikhetsera thukuta.

Anti Nabanda: £7.20 mutenge. £2 ndibweza kwa mwini wake, ndisamakhale ndi ngongole ya juga pa zaka 50.

Achimwene a ku Lilongwe: Nanga nsima inadyedwa koma? Kapena munagona ndi mbatata za azungu?

Make Tada: Achimwene, tingachite phwando la Anti popanda nsima? Mipikisano inatha cha m'ma 10, tonse kunyumba kwathu. Ndinali nditaphikiratu nkhuku ya lokolo, nyemba ndi chigwada chimene Ankolo anabwera nacho. Perekaniperekani tinachitira pa balaza, motsitsa mawu kuopa aneba. Anti anavina mpaka nduwira kugwa.

Ankolo a ku Manchester: Ndipo pa perekaniperekani Bambo a Tada anaponya ndalama zachitsulo zokhazokha.

Bambo a Tada: Zamapepala zinapita ndi Noma.

Wa ku Dublin: Mwezi wa June ndi tsiku langa. Ndimati ndikutengereni ku Shelbourne Park, koma mmene zayendera muno ndikuona kuti gulu ligawikana.

Nesi wa Usiku: Ine ndibwera ku Dublin, koma mukandipeza kunyumba ndikusonkhezera makala.

Ankolo a ku Manchester: Ine ndipita nanu. Irish Derby imachitikira pamenepo, ndakhala ndikufuna kuliona bwalolo.

Akulu a Mpingo: Ine ndikhala ndi a Nesi pa makala. Ndipo Mphwanga akhala nafe.

Mphwanga wa pa Yuni: Abambo, ine ndimangofuna kukaona mmene analimangira.

Akulu a Mpingo: Mudzaona pa zithunzi.

Make Tada: Za June tidzakambirana. Pakali pano ya minibasi sinakwane, atatu simunatumize £12 yanu, ndipo mukudzidziwa. Komanso wina wasiya kontena ya chivindikiro chobiriwira muli nyemba, Lachitatu likadutsa ndi yanga.

Mphwanga wa pa Yuni: Kontena ndi yanga achemwali, ndidzatenga mawa pochokera ku kalasi, nyembazo musataye. Ya minibasi mundidikire pa 28.

Make Tada: Iwe £10 ya mu envelopu inali imodzi. Zinazo zinapita kuti?

Mphwanga wa pa Yuni: Netiweki ikuvuta kuno achemwali.